Ndinanamizira a Kamwendo pa mabotolo atatu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mtsikana wa ku Dzoole, ndipo umboni wangawu ndi wochititsa manyazi, chifukwa vuto limene Mulungu anandipulumutsako ndinaliputa ndekha ndi pakamwa pangapa.

Ndinkachita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Ntchito yanga inali kusakaniza madzi ndi spiriti wa mu labotale m'mabotolo khumi ndi limodzi, lililonse mlingo wake. Ndikatero ndinkayeza kulemera kwa zosakanizazo, komanso liwiro limene phokoso limadutsira m'kati mwake. Manambala amenewo ndi amene amaulula ngati tizidutswa tosaoneka ta madzi ndi ta spiriti tikugwirana kwambiri kapena ayi. Amayi ankangouza anthu kuti mwana wawo amamvetsera madzi. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti kutentha kusasinthe ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake botolo limakhala m'beseni la madzi ofunditsidwa ndi magetsi.

Lachisanu lina magetsi anazima nditatsala ndi mabotolo atatu. Makina oyezera anali ndi batire, koma beseni linayamba kuzizira. Ine mtima unali kale m'minibasi ya ku Dzoole, kuchinkhoswe cha mng'ono wanga. Ndinayeza choncho, n'kulemba m'buku kuti kutentha kunali bwinobwino.

Aphunzitsi ondiyang'anira atajambula mzere wa manambalawo papepala, mzerewo unakhota ngati wolimidwa ndi munthu woledzera. Atandifunsa, ndinayankha kuti mwina a Kamwendo sanatchere bwino makina. A Kamwendo ndi bambo wachikulire wosamalira zipangizo za mu labotale, ndipo anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anapatsidwa kalata yowachenjeza, n'kuuzidwa kuti akaonekere ku komiti imene ikanatha kuwachotsa. Koma m'mawa uliwonse ankandipatsabe moni, n'kunditsukira mabotolo anga. Abale, moni ameneyo ankandidya moyo. Kupemphera ndinasiya, chakudya sichinkalowa.

Ndinathawira kumudzi, osadziwa kuti ndi sabata ya Mgonero. Mbale ya mkate itandifika, dzanja linakana, ndinangoipatsira mnzanga. Mukudziwa kwathu, mtsikana akalambalala Mgonero anthu amayamba kumuyang'ana pamimba. Amayi sanadikire kuti tifike kunyumba, anandifunsa titangotuluka m'tchalitchi. Tili panjira ndinawauza zonse, ndikulira.

"Bamboyo ali ndi ana?" anafunsa amayi.

"Eya, ali nawo."

"Ndiye ukudikira chiyani kuno?"

Tinagwada kuseri kwa chigafa cha fodya, amayi n'kupempha Mulungu kuti andipatse mphamvu zonena zoona, ngakhale sukuluyo ithere pomwepo.

Lolemba ndinayambira kwa a Kamwendo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatulutsa kabuku m'thumba la malaya. Munalembedwa tsiku lija, ndi nthawi yeniyeni imene magetsi anazima.

"Nanga bwanji simunawaonetse akuluakulu?" ndinafunsa.

"Akanakuchotsani sukulu, mwana wanga. Ine ndimapemphera kuti mubwere nokha komiti isanakumane."

Ndinalira ngati pamaliro. Munthu amene ndinamuipitsira dzina ndi amene ankandipempherera milungu yonseyo, ntchito yake ili pachiswe. Anandiperekeza kwa aphunzitsi anga, ndipo nditaulula, a Kamwendo omwewo ndi amene anandipepesera. Kalata yawo inang'ambidwa. Ine ndinauzidwa kuyambiranso kuyeza konse, moti anzanga anavala zisoti za digiri chaka chathunthu ine ndisanavale. Sindidandaula, chinali chilango chondiyenera. Chimene chimandiwawabe ndi chakuti mayi a kunyumba kwa a Kamwendo anadwala BP chifukwa cha kalata ija, ndipo zimenezo sindingazibweze.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye kuti ndizolowere bodza langa, ndipo anandikonzera chifundo m'manja mwa munthu amene ndinamulakwira. Inu amene mukuwerenga, ngati pali wina amene akusenza mlandu wanu lero, musataye mtima kuti nthawi yatha. Pempherani, nyamukani, kagogodeni pakhomo pake. Mwina naye akukudikirani atagwada. Ameni.