Chithunzi Chimene Taika pa Bokosi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1957, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine mlamu wawo, amayi amasiyewa ndi alongo anga. Ndisanapite patali, manong'onong'o akumbuyoko ndawamva, ndipo sindikukudani nawo. Mukudabwa kuti pa bokosi taikapo chithunzi cha nyumba yakugwa m'malo mwa nkhope ya mwini wake. Dekhani, ndifika pomwepo.

Sukulu anayamba mu 1964, nalekezera Fomu 2 mu 1974 bambo awo atamwalira. Chaka chomwecho anapeza ntchito yosesa pa situdiyo ya zithunzi m'tauni, koma tsachelo sanakhalitse nalo. Pofika 1978 anali akujambula okha zithunzi za ziphaso ndi za maukwati, n'kumatsuka mafilimu m'kachipinda kamdima komwe fungo lake linkawatsatira mpaka kunyumba.

Anamanga banja ndi alongo anga pa 20 Ogasiti 1983. Tsikulo anatigwetsa nkhope. Wojambula amene tinamuitana malemuwa anamuona ngati sadziwa ntchito, basi anamulanda kamera, mkwati n'kumathamanga uku ndi uku ali mu suti. Zithunzi za ukwatiwo zilipo ndipo n'zokongola, koma mkwati mulibemo. Mkwatibwi waima yekha ngati wathawidwa.

Amayi awo anamwalira mu 1991, nyumba ya kumudzi n'kutsekedwa. Atapitako mu 1994 anapeza denga litagwera m'kati, chiswe chitadya chitseko, kamtengo ka mkuyu katamera pa khoma pomwe amayi awo ankapachika nyali. Anakhala pa khonde mpaka dzuwa kupendeka, kenako anajambula. Kuchokera tsiku limenelo mtima wawo unachoka pa maukwati. Anayamba kuyenda midzi kusaka nyumba zosiyidwa, mpaka anthu anawapatsa dzina loti a Mabwinja, iwo n'kumavomera mokondwa.

Ntchitoyi anali nayo malamulo ake. Pakhomo lopanda chitseko ankayamba aodira. M'kati samasuntha kanthu, kaya ndi mphika wosweka, kaya ndi nsapato ya mwana yodzaza dothi. Tsiku lina ndinachotsa ukonde wa kangaude pa zenera poganiza kuti ndikuthandiza. Sanandilankhule ulendo wonse wobwerera. Ankanena kuti nyumba siifa tsiku lomwe eni ake achoka, imafa pang'onopang'ono, ndipo si bwino kuti ife popanda woiyang'ana. Ine ndinkawaseka kuti munthu wanzeru sadikira dzuwa kuti liwale pa nkhungu za pakhoma. Mu 2009 zithunzi zawo zitaonetsedwa mu holo yaikulu, ndinaona bambo wina wachikulire akulira pamaso pa chithunzi cha mafuwa atatu omera udzu. Kuseka ndinalekera pomwepo.

Koma pamaliro sitinama. Ntchitoyi inawapweteka mtima alongo anga. Maulendo ambiri ankapita limodzi, iwo atanyamula ambulera yotchingira kamera ku mvula, koma kuyambira 1994 amuna awo sanawalozeponso kamerayo. Kangapo konse anandidandaulira kuti kuti aonedwe mwina achite kuyamba ang'ambika ngati khoma. Tinkaseka, koma eni ake samaseka. Funso loti kodi bambowa ankawaonabe lakhala nawo zaka zonsezi.

Mu 2019 malemu anapezeka ndi matenda a shuga, ndipo maso anayamba kuchita khungu. Kamera anaisiya mu 2022. Miyezi yomalizira ankangokhala pa mpando wawo pabalaza, ndipo anapempha kuti chithunzi chimodzi chichotsedwe pa khoma, chiikidwe pa kathebulo pafupi nawo. Ankachiyandikiza kumaso ngati akuwerenga. Tonse tinkati ndi mabwinja awo omwewo. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Juni chaka chino, ndipo anatisiya pa 11 Juni m'mawa, alongo anga atawagwira dzanja.

Dzana tinayamba kufuna chithunzi choika pa bokosi. Tinakhuthula makatoni onse, koma tinangopeza makoma, mazenera ndi madenga. Chinalipo cha pa chiphaso, koma alongo anga anakana, ati akuoneka ngati munthu wofunidwa ndi apolisi. Mwana wawo wamkazi ndiye anatenga cha pa kathebulo chija kuti achipukute fumbi, ndipo anatiitana tonse kuti tidzaone. Pa zenera la nyumbayo panatsala galasi limodzi long'aluka, ndipo m'galasimo muli anthu awiri. Kamera yaima pa miyendo yake itatu, yaloza nyumba. Alongo anga agwira ambulera, maso ali pa mitambo. Malemu chala chili pa batani, koma nyumbayo sakuiyang'ana. Atembenuka, akuyang'ana akazi awo, akumwetulira.

Munthu amene sankalola ngakhale ukonde wa kangaude kumudutsa, galasi limenelo sanaliphonye. Ankadziwa chimene chinali m'menemo, ndipo chithunzicho chinapachikika moyang'anana ndi mpando wawo kuyambira 2003. Alongo anga akhala akuchidutsa tsiku ndi tsiku ndi tsache m'manja. Mlamu wanga anali wouma pakamwa, zimenezo ndiye ndimudandaula mpaka kale, chifukwa mawu awiri okha akanakwana. Koma poona nkhope mudutse pafupi, muyang'ane pa zenerapo, muwapeza.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi, zidzukulu zisanu, ndi mchemwali wawo mmodzi. M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, anansi amene sanatisiye tokha, anzawo ojambula amene anakuza chithunzichi, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kudzatikhazika mtima pansi.

Alongo anga, yankho lija mwalipeza mochedwa, koma mwalipeza. Alamu, nyumba yanu sitiisiya kuti igwe. Mzimu wanu uuse mumtendere.