Ndinamasula Galu Wathu

Okondedwa omvera, ndine mtsikana wa Fomu 2, ndili pa tchuthi kwathu ku Mitundu. Boma litalengeza kuti galu wosamangidwa aziwomberedwa chifukwa cha chiwewe, bambo anamangirira wathu pamtengo wa mango. Lolemba ndikutsuka mbale galuyo analira momvetsa chisoni, ndiye ndinamumasula kuti angowongola miyendo. Anathamangira kumsewu osacheuka. Masana tinamva mfuti.

"Iwe, wamasula galu ndani?" anafunsa bambo.

"Ndine, bambo."

Sanandikalipire, koma bola akanatero.

Lero ndi Lachinayi. Ndikatsegula buku, maso amathawira kumsewu. Dzulo ndinawapeza bambo kuseri kwa chigafa akuimba likhweru chapansipansi, kumuitana.

Mukaona galu wofiirira wa khutu long'ambika, chonde musamuthamangitse. Mmangeni.