Zenera la Chipinda cha Gorjan

Olemekezeka akhansala a dera lino, Bambo Trajkovski. Aphunzitsi aakulu, Mayi Mitrevska. Anzanga a ku yunivesite. Makolo, ndi inu ana asukulu.

Ndikuthokoza pondiitana, ngakhale ndikukayika ngati ndine woyenera mpando uno, pakuti ndabwera ndi mantha ochuluka kuposa nzeru.

Ntchito yanga ndi kuyeza mpweya wa mu mzinda wa Skopje muno usiku. M'nyengo yachisanu, dzuwa likalowa, utsi wa mbaula zathu sukwera kumwamba. Umakhazikika m'chigwa, n'kusakanikirana ndi wa magalimoto, ndipo mu mdimamo mumabadwa tinthu tatsopano tosaoneka ndi maso, tolowa mpaka mkati mwa mapapo.

Mwana wanga Gorjan ali ndi mphumu. Monga timachitira tonsefe, ndinkatsegula zenera la chipinda chake asanagone kuti mulowe mpweya wabwino. Ndinatero zaka zisanu, ine wa madigiri awiri, mpaka tsiku limene ndinaika manambala a makina athu pambali pa masiku amene tinathamangira naye kuchipatala. Zinagwirizana.

Mayi anga ndi amene amamugoneka ine ndikakhala kuntchito. Nditawafotokozera kuti zeneralo lizikhala lotseka usiku, anayankha kuti iwo analera ana anayi ndi zenera lotsegula ndipo sanafe ndi mmodzi yemwe. Kenako anati, "Iwe Vesna, sukulu yonse ija n'kuti udzandiphunzitse kutseka zenera?" Amamukonda mdzukulu wawo, ndipo n'chifukwa chake amatsegulabe. Mwezi watha Gorjan anagonekedwanso m'chipatala masiku atatu.

Ana inu, m'chipinda chimene tikutsegulachi muphunzira kugwiritsa ntchito timakina makumi atatu toyezera mpweya, ndipo muzipita nato kunyumba mosinthana. Musakakangane ndi akuluakulu. Ine ndinayesa, ndinalephera. Mukangoika kamakina pazenera madzulo, n'kuwapempha kuti awerenge okha nambala ikamakwera. Sindikulonjeza kuti akakumverani. Mwinanso utsi woipitsitsa mukaupeza ukuchokera pa chumuni ya kwanu komwe, ndipo zimenezo zidzakupwetekani mtima.

Aphunzitsi aakulu, ndili ndi pempho lochititsa manyazi. Mundibwereke kamodzi mwa timakinati, kagone kwathu lero. A zanyengo akuti usiku uno sikukhala mphepo youlutsa utsi, ndipo ine ndikhala padenga la yunivesite kuyeza mpweya mpaka m'mawa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda cha sayansi ya mpweya pasukulu ino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.