Mtembo Umene Malume Anaukana

Abale, ine si wolankhula zambiri. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Mundimvere.

Ku Perth kuno ndinabwera pa viza ya akazi anga, amene ndi namwino. Zinkandiwawa. Mwamuna kutsatira mkazi ngati katundu! Ndiye ndikaweruka kotsuka mabasi, ndinkalunjika kugaraja ya mnzanga ku Balga. Mowa basi. Tchalitchi ndinkati n'cha azimayi.

Mtima unayamba kuthamanga wokha ndili chikhalire. Kugunda, kudumpha, kuyambanso. Akazi anga atandigwira pamkono anati, "Bambo a Tadala, tiyeni kuchipatala." Ndinati, "Odwala anu ali kuntchito, osati m'nyumba muno."

Tsiku lina ndinagwa pa siteshoni ya sitima ku Joondalup, masanasana.

Dokotala sanabise. Kugunda kosokonekerako kunali kutakulitsa mtima, ndipo kachitseko ka mkati, koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, sikankatsekanso bwino. Anati alowetsa kachingwe mumtsempha wa pantchafu mpaka mumtima, n'kuwotcha timalo toyambitsa chisokonezocho. Mtima ukakhazikika, mwina kachitsekoko kadzatseka. Mwinanso ayi. Kachingwe komweko kangathenso kuvulaza kachitsekoko, ngakhale sizichitikachitika. Zikakanika, kung'amba chifuwa.

Kwathu nkhani yotere sumaliza wekha. Ndinaimbira malume ku Dowa, eni mbumba. Anakana. "Mtima wa munthu si chiwindi cha mbuzi choti n'kuwotcha. Ukasaina, mtembo wako sindidzaulandira pamudzi pano."

Sabata ziwiri pepala lovomereza chithandizocho lili patebulo. Kusaina, malume anditaya. Kusasaina, mtima undigwetsanso. Ine amene ndinkati sindiopa kanthu, ndinaopa. Akazi anga sanandikakamize. M'mawa uliwonse ankangogwada n'kunditchula dzina. Tsiku lina ndinagwada nawo. Ndinangoti, "Yesu, ndalakwa. Mtimawu ndauwononga ndine. Utengeni." Nditadzuka ndinasaina.

Anawotcha. Patapita miyezi anandiunikanso. Dokotala anandionetsa kachitsekoko pa makina, kakutseguka, kakutseka. Kakudonthabe pang'ono, sindikunamizani. Koma anati zong'amba chifuwa tiziike kaye pambali. Mankhwala ndikumwabe. Mowa ndinasiya, pajatu dokotala anati unkakoleza moto.

Anzanga a kugaraja akuti akazi anandidyetsa khuzumule. Anene. Tsiku lomwe ndinagwa panalibe ndi mmodzi yemwe.

Malume sayankha foni mpaka lero. Ndimawalemekeza, ndimawapempherera. Koma mtembo umene anaukana uja ndi uno, waima pamaso panu, ukulankhula. Mwini mtimawu si malume. Si ine. Ndi Yesu, ndipo alemekezeke.

Inu bambo amene mwabisa matenda mkati mwa jekete poopa kusekedwa, ndikukudziwani. Ndinali ngati inu. Tikatuluka mundipeza pakhomo. Tigwade kaye, kenako ndikuperekezani kuchipatala.