Kalongonda mu Supu ya Alendo

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima wanga ungakhale pansi.

Ndili ndi malo awiri ogulitsira zakudya zachitaliyana, pa Chonde ndi ku Likhubula, m'munsi mwa phiri. Supu ya nyemba ndi makaroni timaphikira pa Chonde, n'kuiumitsa mufiriji m'makontena oyera.

Loweruka lina m'mawa ndinatenga makontena anayi kupita nawo ku Likhubula. Ndinakhuthulira onse mumphika umodzi ndikuyankhula pafoni, osayang'anamo. Anadya alendo awiri ndi abambo atatu owanyamulira katundu kuphiri. Asanakwere patali, onse anayamba chizungulire ndi kusanza. Bambo mmodzi anagwa pathanthwe katundu ali kumsana, n'kuthyoka mwendo.

Ndinaimbira mayi amene amandiphikira pa Chonde.

"Pepani mayi, kontena limodzi munali kalongonda wanga," anatero. "Ndinangomuwiritsa kamodzi, kwathu n'kugwa maliro, ndiye ndinasungiza mufirijimo."

Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti kalongonda amaphikidwa tsiku lonse, madzi n'kumataya, apo ayi amaledzeretsa koopsa.

Omvera anzanga, muzilemba pa kontena, muziyang'ana mumphika. Bambo aja sakweranso phiri, amayendera ndodo. Tikakumana pamsewu amayamba ndi iwo kundilonjera, n'kufunsa ngati bizinesi ikuyenda bwino.