Timitengo ta pa Tebulo la Filesi

Chaka chachiwiri chitatha chisankho chija cha zipani zambiri, nthawi imene anthu anayamba kugwetsa mitengo ya m'phiri la Chiradzulu ngati kuti ufulu unabwera ndi nkhwangwa, ine kunandigwera chinthu chimene ndikachiganiza mpaka lero mutu umazungulira. Inu pitirizani kusenda nandoloyo, ine ndikufuna makutu okha.

Masiku amenewo munthu akafuna kukongoletsa nyumba ankazira pansi ndi dothi lakuda, makoma n'kupaka loyera, ndipo wamwayi ankapachika kalendala, ngakhale ya chaka chatha. Timitengo tinali nkhuni basi, ndipo nkhunizo zinali zitayamba kusowa moti amayi ankaphikira mapesi ndi zitsononkho. Lero ndimaona m'nyumba zanu mwaika miyala m'mbale pa kabati, koma ndimangoyang'ana kumbali.

Mlongo wanga wa ku Milepa anali ndi mwana wamkazi, Filesi, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe, ndipo anapeza mnyamata wa ku Namadzi, Lakiyoni, wodzala mitengo kuphiri la Zomba. Ine pokhala tsibweni wake ndinali nkhoswe, ndiye tsiku loti akuchimuna abwere litakwana ndinalawirira pa njinga kuti ndikaone ngati zonse zili m'malo. Ndinapeza amayi onse apita kumjigo, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinalowa.

Pa tebulo panali kamphika kadothi katsopano, atazikamo timitengo touma topanda tsamba n'limodzi lomwe, tomangidwa ndi ulusi wofiira, ndipo m'munsi mwake munali tinthu tolimba tokhala ngati tinanazi touma, timene ndinali ndisanationepo chibadwire. Ndinaima chiimire. Tandiuzani inuyo, timitengo, ulusi wofiira, kamphika kosaphikirapo, tsiku la chinkhoswe, munthu wamutu wake akanaganiza chiyani? Ndinati wansanje wina watchera mwana wa mlongo wanga kuti banja lisachitike, ndipo maganizo anga anali atafika kale pa mayi wina woyandikana nawo, amene mwana wake anali atakhalitsa pakhomo wopanda womufunsira.

Sindinafune kuopsa anthu. Ndinavala thumba la feteleza kudzanja, n'kunyamula kamphikako kupita nako kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinathira mchere, ndinapemphera, n'kuyatsa moto. Tinthu tija tinayaka mothetheka, tikulira kuti phuli phuli, ndiye ine mtima unakhala pansi kuti ndithudi munali zinthu. Kamphikako ndinakaswa n'kukaponya m'chimbudzi.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu, patsogolo pali atsibweni a Lakiyoni, a Makwinja, mkulu wa mpingo wa ndevu zoyera. Tinalonjerana bwinobwino, koma ndinaona Filesi akulowa ndi kutuluka, akusuzumira pansi pa mipando, maso ali ofiira, ndipo a Makwinja nawo ankangoyang'ana pa tebulo lopanda kanthu lija. Kenako anatsokomola n'kunena kuti tisanayambe nkhani akufuna adziwe ngati ulendo wawo uli ndi phindu, pakuti chikole chimene mwana wawo anapereka sakuchiona, ndipo kwawo mtsikana akachotsa chikole pamaso pa alendo ndiye kuti wakana.

Ndinafunsa kuti chikole chake chiti, mpango kapena mphete? Iwo anati ayi, ndi chokongoletsera m'nyumba chimene Lakiyoni anapanga ndi manja ake, zipatso za paini anatola yekha pamwamba pa phiri, ndipo timitengoto anasankha kamodzikamodzi, potengera zimene ankaona m'nyumba za mabwana ake.

Ana inu, ndinasowa pogwira. Chikole chimene ine ndinkachidziwa chinali choti mtsikana avale kapena asunge m'sutikesi. Nanga nkhuni zikhala bwanji chikole? Ndipo ngati zinali nkhuni, ndinalakwa chiyani poziyatsa? Koma ngati sizinali nkhuni, sanalinso mankhwala, kudya osadya, kuvala osavala, ndiye chinali chiyani? Ine ndili m'kati mofunsana ndi mutu wanga choncho, Lakiyoni anali atazyolika, ndipo azakhali ake anali atayamba kumanga chitenje kuti azipita. Filesi anandiyang'ana, n'kunena motsitsa mawu:

"Atsibweni, munafika poyamba ndinu. Ngati mwaonapo kanthu nenani, anthuwa akundiyesa wabodza."

Ndinachita manyazi kwambiri, koma ndinaimirira n'kuulula zonse, za mchere zomwe, za chimbudzi zomwe. Za mayi woyandikana nawo uja zokha ndi zimene ndinameza. A Makwinja anandiyang'anitsitsa, kenako anati:

"Achimwene, khalani pansi. Chinthucho chinagona kwanga masiku awiri chisanabwere kuno, ndipo inenso pochiopa ndinachigoneka m'khola la mbuzi."

Anthu anaseka mpaka misozi, azakhali aja anamasula chitenje, ndipo nkhani ya banja inayenda. Koma Filesi sanaseke, Lakiyoninso sanaseke. Titatuluka mnyamatayo anandiuza mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti kamtengo kalikonse anakapala ndi mpeni akaweruka kuntchito, mwezi wathunthu, chifukwa analibe china choti angapereke. Pamenepo mpamene zinandipweteka mumtima, ngakhale kuti kukongola kwa chinthucho sindinakuone, ndipo sindinganame kuti pano ndinakumvetsa.

Ndiye inu adzukulu anga, mukadzapeza chachilendo m'nyumba ya m'bale wanu musadzathamangire machesi ngati ine, yambani mwafunsa mwini wake, ngakhale funsolo likuoneka lopusa. Filesi anandikhululukira, ndipo mwana wake woyamba ndinamutcha dzina ndine, koma kufikira lero ndikafika pakhomo pake amathamanga kukatenga mpando n'kundiikira pakhonde, m'nyumba osandilowetsa.