Bokosi Limene Ndinakwilila M'dimba la Nthochi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali mkazi wa mantha. Mukandiona lelo nditavala duku loyela, musaganize kuti ndinabadwa nalo. Kusukulu sindinapondeko. Mau awa andilembela alembi a mpingo wathu, koma pakamwa ndi panga.

Ndinabala ana asanu ndi mmodzi kwathu kwa Luembe. Anai ndinawaika m'manda ndikuona ndi maso angawa. Womaliza kupita anali Daina, amene anafela pa ngolo ya ng'ombe tikuthamangila naye kuchipatala ali ndi pakati. Anandisiyila kamwana ka zaka zisanu, Enelesi.

Kuyambila tsiku limenelo dzina la Daina silinatulukenso pakamwa panga, ndipo ndinaletsa anthu kundiitana nalo. Ndinayamba kutcheza kachasu. Kachasu wogulitsa anali wochepa, wambili ankathela kummelo kwanga, chifukwa ndikapanda kumwa mtima sunkakhala pansi. Lasabata ndinkabwela ndithu m'tchalichi muno, kukhala pa benchi lakumbuyo, kuimba nao nyimbo, koma m'chiuno muli chithumwa.

Enelesi akangotsokomola, ine ulendo kwa ang'anga. Mwana ameneyo ali ndi mphini zambili kumsana, ndipo zonse ndinamutemetsa ndine. Kumtsinje ndinkamuletsa. Mtengo wa mango ndinkamuletsa. Njinga anaphunzila mobisa.

Koma mwanayo anali ndi mphatso yake. Munthu akangomuona kamodzi, basi watengela mayendedwe ake ndi makambidwe omwe. Tsiku lina ndinamupeza kuseli kwa nkhokwe akuonetsa anzake mmene ndimayendela ndikamwa. Anzakewo anali atagwa pansi ndi kuseka. Ndinamukwapula, koma mumtima ndinadziwa kuti sanaphonye ngakhale phazi limodzi.

Atamaliza sukulu ku Petauke anapita ku Lusaka kukachita masewelo a pa tivi. Ndinamuona koyamba pa tivi m'golosale ina pa Nyimba boma. Anali atavala ngati wanchito wa m'nyumba, ndipo mzimai wina wonenepa anamumenya mbama. Ndinakuwa. Ndinafuna kukwela minibasi pomwepo. Mwini golosale anachita kumuimbila foni, ndipo ndinamumva mwana akuseka: "Ambuya, ndi sewelo chabe! Amai aja ndi anzanga, tikudya limodzi pano."

Anthu ankati, "Mdzukulu wanu watchuka." Ine ndinkangomva kuti maso ambili akumuyang'ana, ndipo pa maso ambili sipasowa la mfiti. Foni ikalila, ndinkati ndi uthenga wa malilo.

Chaka chatha, titamaliza kukolola, anabwela kumudzi. Sanabwele yekha. Motoka unali wodzaza anthu, zingwe, magetsi ndi kamela. Anati watopa kusewela nkhani za eni ake, manje akukonza filimu yakeyake. Nkhani analemba yekha, anthu anasankha yekha, kuwadyetsa ndi iye, kusewelamonso ndi iye. Kamela inali yobweleka, ndipo Lachinai masana anayenela kunyamuka kuti akaibweze. Zimenezo ndinazimva, koma sizinandilowe.

Lachiwili ndinaona ngolo ya mlongo wanga Yelemiya ikuchokela kumseu. Pamwamba pake panali bokosi la malilo, latsopano, lonunkha utoto.

"Wafa ndani?"

"Palibe, Ambuya, ndi langa," anatelo Enelesi. "M'filimu muja ndimwalila. Ndigonamo pang'ono chabe."

Anandiuzanso akuseka kuti kalipentala wa pa Nyimba anakana kumuyeza, akuti sayeza munthu amene akupuma. Ndiye mwana anadziyeza yekha ndi chingwe, n'kumupatsa chingwecho.

Abale, inu a kuno mukudziwa zimene tinakula nazo. Wamoyo sayezedwa. Manda akakumbidwa satsala opanda kanthu, ndipo bokosi likakhomedwa limaitana mwini wake. Zikatelo makolo ankadula thunthu la nthochi n'kuliika m'malo mwa munthu, kuti imfa ikhute, ipite.

Ndinamugwadila mwana wa mwana wanga. Ndinamudandaulila. Iye anangondisisita paphewa nati, "Mailo Lachitatu masana tijambula, dzuwa polowa tatha. Musaope."

Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Paliponse ndinkangoona nkhope ya Daina.

Lachitatu m'mawa onse anatsikila kumtsinje kukajambula zina. Bokosi analisiya pakhonde panga atalifunda chitenge. Ndinamwa theka la botolo kuti ndilimbe mtima, n'kuitana Yelemiya. Iye sanavute, nayenso sanagone bwino chilinyamulile. Tinalikweza pa ngolo mpaka kudimba kwanga. Ndinadula nthochi yaitali ngati Enelesi, tinaigoneka m'bokosi, tinakumba, tinakwilila. Dothi la m'dimba ndi lofewa. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titamaliza, ndipo ndinabwelela kunyumba ndikudziona ngati ndapulumutsa mwana.

Masana anabwelako. Azimai a m'mudzi amene Enelesi anawapempha kudzakhala olila anali atakhala kale pansi pa mango. Bokosi kulibe. Anzake anathamanga uku ndi uku. Enelesi sanathamange. Anangoyang'ana mapazi anga, amene anali ndi matope akuda a kudimba.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pansi pafupi ndi ine n'kuyamba kukamba motsitsa mau.

"Ambuya, mukudziwa filimu iyi ndi ya ndani? Ndi ya amama. Ndi ya mkazi wofela pa ngolo chifukwa chipatala chili kutali. Pa malilo ao munanditsekela m'nyumba ya eni. Sindinawaone, sindinawalile. Nkhani zonse mumandiuza, iyi yokha munandimana. Ndinati ndigone pamene anagona amama, anthu aone."

Ndinayang'ana matope a kumapazi kwanga, iye n'kupitiliza.

"Ndingathe kutuma anzangawa akafukule. Koma ndikatelo mudzadwala ndi mantha, ndipo anthu adzati ndakuphani ndine. Munakwilila ndinu. Mukafuna, mukafukule nokha. Mukapanda kutelo filimu yafa, mailo tinyamuka, ndipo kuno sindidzabwelanso. Ndatopa, Ambuya. Mwakhala mukundiika m'manda kuyambila ndili mwana."

Mau amenewo anandithyola msana. Ndinabwelela kudimba n'kukhala pa mtumbila uja. Ndikafukula, ndaitana imfa. Ndikasiya, mwana wapita ali wamoyo. Uku kutaya, uku kutaya.

Dimba loyandikana ndi langa ndi la amai aMwanza, amene akhala apowa. Ankathilila ndiwo za lepu. Atandiona anatula ndowa n'kubwela, ndipo ndinawauza zonse. Sanandiseke.

"Amake Daina," anatelo. Zaka makumi awili palibe anandiitanapo choncho. "Ana anai aja, simunawateme mphini?"

"Ndinawatema."

"Nanga anakhala?"

Ndinangowelama.

"Manda a Yesu aja anatsala opanda kanthu. Ndani anakaikamo nthochi? Palibe. Ali chitsegukile mpaka lelo, ndipo sanaitanepo munthu. Imfa imene mukuinyengelela ndi nthochiyi, Yesu anaigonjetsa kale. Inu mukudyetsa galu wakufa."

Abale, nkhani ya manda a Yesu ndinaimva Pasaka iliyonse kuchokela ndili mtsikana. Inkadutsa pamwamba ngati madzi pa tsamba la nthochi. Tsiku limenelo inalowa. Ndinaona kuti imfa inanditengela ana anai, koma amene akunditengela Enelesi ndi mantha anga.

Tinagwada pa matope pomwepo. Kupemphela kwabwino sindinkakudziwa. Ndinangoti, "Ambuye, ndatopa kulondela mwana uyu. Sindine mlonda wake. Si wanga, ndi wanu. Ndikhululukileni." Kenako ndinatenga chikwanje chomwe chija ndinadulila nthochi, n'kudula chingwe cha chithumwa m'chiuno mwanga.

Musaganize kuti mantha anathawa nthawi yomweyo. Koma tinakumba, nkhalamba ziwili, amai aMwanza akuimba, ine ndikulila. Yelemiya anatulukila ndi ngolo yake ali ndi manyazi, n'kutithandiza kutulutsa bokosilo. Nthochi ndinaichotsa ndi manja anga. Bokosi ndinalitsuka ndi sopo mpaka linawala, ndipo dzuwa lisanalowe linali pakhonde pamene analisiya.

Enelesi ataliona anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kukandifundishila madzi osamba.

Lachinai m'mawa anamupaka ufa wotuwa kumaso, n'kumukulunga nsalu yoyela. Panali mzimai wa ku Lusaka amene anayenela kusewela ngati make wa womwalilayo. Ndinapempha kuti kumutu kwa bokosi ndikhale ine m'malo mwake, ndipo Enelesi anavomela. Anandionetsa timabowo timene anaboola m'mbali kuti mpweya uzilowa. Ndinationa, koma pamene chivundikilo chinatsika pa nkhope ya mwana wanga, m'maso munada bii.

Mumtima ndinangoti, "Ndi wanu, ndi wanu." Kenako pakamwa panatseguka pokha. Ndinaitana Daina. Ndinamuitana ndi dzina lake, ndinamuuza za ngolo ija, za ng'ombe zimene zinkayenda pang'onopang'ono, za dzanja lake limene linazizila lili m'dzanja langa. Azimai aja anabwela kudzachita sewelo, koma analila zenizeni, chifukwa ambili a iwo Daina ankamudziwa.

Bambo wina anakuwa, "Kati!" Ndiye kuti lekani. Anachotsa chivundikilo. Enelesi ali zii, osagwedezeka. Mtima wanga unaima.

Kenako anatsegula maso. Misozi inali itatsika mpaka m'makutu, yatsuka ufa uja. Anandigwila dzanja nati, "Ambuya, ndamva zonse."

Tili chikumbatilane choncho, bambo wojambula mau anati tambala wa Yelemiya walila pakati, tiyambilenso. Abale, katatu analowa m'bokosi mwana ameneyo, ndipo katatu anatuluka ndikuona.

Filimuyo inatuluka, ndipo ndinakaionela m'golosale yomwe ija. Enelesi manje akukonza ina. Amabwela kumudzi, timapita limodzi kukalambula pa manda a make. Mgolo wa kachasu ndimasungilamo madzi.

Bokosi lija anandisiyila. Lili kuchipinda kwanga, lopanda kanthu. Anthu amati ndiikemo nshawa, mtedza uja, ine ndimakana, chifukwa ameneyo ndi mlaliki wanga. Kunama sindingathe, mpaka lelo foni ikalila mtima umayamba wadumpha. Ndimaliyang'ana bokosilo, ndimakumbukila manda otseguka aja, kenako ndimayankha.

Alemekezeke Yesu amene anandipeza m'matope a kudimba. Atamandike amene anandibwezela mdzukulu wanga, anandibwezelanso dzina la mwana wanga pakamwa.

Mwina alipo wina muno amene wakhala pa benchi lakumbuyo lija, akuimba nafe, koma m'chiuno muli kachingwe. Ndikukudziwani, mnzanga, ndimadziwa mmene kamayabwila. Musachite manyazi. Bwelani kutsogolo kuno tigwade pamodzi. Amai aMwanza ali pompano, ndipo chikwanje chija ndabwela nacho.